Kalata Yolemera Imene Inatseka Khomo

Kunali bambo wina amene ankakhala kufupi ndi Namadzi, mlimi wa mbande za mitengo ya zipatso. Kuseri kwa nyumba yake kunali nazale: mango, mapeyala, malalanje, zonse m'timachubu takuda tondandalika bwino. Manja ake anali odala. Akamezanitsa nthambi pa tsinde, inkagwira basi.

Mwana wake wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, anamusiyira kompyuta pakhomo, n'kumuphunzitsa kulemba ndi kulandira makalata a imelo. Bamboyo ankalemba ndi chala chimodzi, ngati nkhuku ikutola chimanga, koma ankalemba ndithu.

Lolemba lina m'mawa anayatsa kompyuta ija, n'kupeza kalata yatsopano. Anawerenga. Anawerenganso. Kenako anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada.

"Mayi a Lonjezo! Siyani zimenezo, bwerani kuno msanga!"

Mkazi wake anathamanga kuchokera kunazale, manja ali matope okhaokha, poganiza kuti mwamuna wake walumidwa ndi chinkhanira. Anamupeza akuvina pabalaza.

Kalatayo inachokera ku bungwe lina lodzala mitengo m'masukulu. Pa alimi makumi asanu amene bungwelo linawayendera, linasankha iye. Mbande zake zikadzalidwa pa masukulu makumi awiri, ndipo iye mwini akaphunzitsa aphunzitsi kumezanitsa mitengo. Anamupempha chinthu chimodzi chokha: ayankhe pa imelo kuti wavomera, isanakwane 12 koloko masana Lachisanu. Akapanda kuyankha, mwayiwo upita kwa mlimi wina.

Abale anga, mukanamuona! Sanadikire Lachisanu. Anadzutsa mpando, anakhala pansi, analemba yankho nthawi yomweyo. Anadina potumizira. Anatuluka panja chifuwa chili patsogolo. Anauza anansi. Anauza ogaya kuchigayo. Lachitatu anauza a mu mphakati wonse, anthu n'kumuombera m'manja.

Lachinayi masana foni inalira. Anali mlembi wa bungwe lija.

"Bambo, yankho lanu sitinalione. Kodi mwayiwu simukuufuna?"

"Ndinayankha Lolemba! Ndavomera, ndikuvomeranso pano!"

"Mawu a pafoni sitingawaike mu failo, bambo. Tikufuna kalata. Mawa 12 koloko titseka."

Bambo uja anaika foni pansi. Anathamangira pa kompyuta. Analembanso yankho, anadina. Analembanso lina, anadina. Anaimba ku bungwe kuja: sipanafike kanthu.

Anati mwina bandulo yatha. Anayang'ana, inalipo. Anagula ina, kuonjezera pa yomwe inalipoyo. Anati mwina kompyuta yatopa. Anazimitsa, anayatsa, anazimitsa, anayatsa, katatu konse. Anati mwina netiweki ikubisala. Ananyamula kabokosi ka intaneti, anakaika pawindo. Anakachotsa pawindo, anakapachika pa msomali wa pakhonde. Analembanso mawu ake achinsinsi, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili kunja. Mpaka anapemerera fumbi pa mabatani.

Ndipo chomwe chinamuzunguza mutu n'chakuti makalata obwera ankabwera bwinobwino! Ali mkati movutika choncho, kalata ya ogulitsa feteleza inalowa. Ya mwana wake inalowa. Olowa akulowa, otuluka osatuluka.

"Netiweki ya kunoyi ndi yachabechabe!" anakalipa. "Kompyutayi ndi yakale! Bungwelo ndi limene lili ndi vuto!"

Aliyense anali wolakwa, kupatula iye.

Lachisanu m'mamawa anatumiza uthenga kwa mayi Nachisale, amene ankakonza mafoni ndi makompyuta pamsika. Mayiyo anali ndi ntchito ina, ndiye anafika 11 koloko, pa njinga yamoto, fumbi lili koboo. Bambo uja anali atayenda kale kuchokera pakhonde kupita pamsewu kakhumi.

Mayi Nachisale sanalankhule zambiri. Anakhala pansi. Anayesa intaneti, inali bwino. Anayesa mawu achinsinsi, anali olondola. Anayang'ana keyala ya bungwe lija, inalembedwa bwino, popanda chilembo chosowa. Kenako anatsegula malo amene bamboyo anali asanatsegulepo chilandirire kompyutayo: bokosi la makalata odikira kutuluka.

"Ee! Bambo, taonani kuno."

Munali makalata khumi ndi asanu ndi limodzi, atafola mzere ngati anthu pa mjigo. Mayankho ake onse a ku bungwe anali kumapeto kwa mzerewo. Kutsogolo kwenikweni kunali kalata imodzi, yaikulu, yolemera kuposa anzake onse kuwaphatikiza pamodzi.

"Iyi yatseka khomoyi ndi yopita kwa ndani?" anafunsa mayi Nachisale.

Bambo uja anatembenukira kukhoma. Mkazi wake anayang'ana pansi.

Tsopano ndikuuzeni za kalata imeneyo. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mayi ake omubereka anamwalira atadwala nthawi yaitali. Iye ndi amene anawadwazika. Iye ndi amene ankawanyamula kupita nawo kuchipatala. Koma pamaliro, mng'ono wake wokhala ku Lilongwe anaimirira pamaso pa anthu, akulira, n'kunena kuti: "Mayi athu akanakhala kuti anasamalidwa bwino, bwenzi lero ali moyo."

Mawu amenewo anamulasa mumtima. Maliro atatha, anakhala pa kompyuta masiku atatu. Analemba masamba asanu ndi awiri. Anakumba zakale, mpaka za ali anyamata. Anajambula tsamba lililonse la buku lachipatala la mayi awo, n'kuphatikiza. Anaikamo zithunzi makumi anayi za kuchipatala. Anaikamonso kanema yense wa pamaliro, kuti mng'ono wakeyo adzimvere yekha zimene analankhula. Anadina potumizira, n'kunena kuti: "Ameneyu aone."

Ndipo miyezi iwiri yonseyo ankadikira yankho. Tsiku lililonse lopanda yankho, mkwiyo unkakula. "Wawerenga, koma wandinyoza," ankatero.

Mayi Nachisale anamufotokozera mofatsa. "Khomo lotulukira makalata lili ndi muyeso wake. Iyi mwaisenzetsa katundu wosadutsa pakhomopo. Kompyuta imayamba ndi iyi, yalephera, iyambanso ndi iyi. Ena onse akungodikira kumbuyo."

"Mukutanthauza kuti sinapite?"

"Sinachoke m'nyumba muno, bambo."

Wotchi ya pakhoma inali pa hafu pasiti leveni.

"Ikankheni ipite!" anatero bamboyo. "Ndinailemba masiku atatu imeneyo! Zonse zili m'menemo n'zoona!"

"Kaya n'zoona, kaya n'zabodza, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ikakhala pamzerepa, palibe kalata ituluke. Ndikhoza kukuikirani pambali, mudzaitumize m'zidutswa tsiku lina. Ndikhozanso kuifufuta. Kalata ndi yanu."

Bambo uja anaimirira. Anayenda mpaka pakhomo. Anabwerera. Mtima wina unkati isunge, tsiku lake lidzafika. Unkati munthu amene anakuchititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse asangopita choncho.

"Tatsegulani ndiione kaye," anatero.

Mayi Nachisale anatsegula. Chithunzi choyamba chinadzaza sikirini yonse. Anali mayi ake a bamboyo, ali pabedi lachipatala, ataonda, koma akumwetulira. Chithunzi chimenechi anachiika ngati umboni. Poika muja sanachiyang'anitsitse. Tsopano anachiyang'ana. Anaona nkhope imene inkawagawira chinangwa chimodzi pakati, iye ndi mng'ono wake, kuti pasakhale wolira.

Misozi inagwera pa malaya.

"Nkhope ya mayi anga ndaisandutsa chibonga chomenyera mwana wawo," anatero. "Fufutani."

"Ndiike pambali, kapena..."

"Ayi, mayi. Pambali ndidzaitolanso. Fufutani!"

Mayi Nachisale anamutsimikizira kuti zithunzi za mayi ake zitsala m'kompyuta, ichoka ndi kalata yokha. Kenako anamukankhira mbewa ya kompyuta ija. "Dinani nokha."

Anadina ndi chala chake chimodzi chija. Kalata inazimiririka.

Abale anga! Abale anga! Zimene zinachitika pamenepo! Mzere unayamba kuyenda! Kalata yoyamba, fyuu! Yachiwiri, fyuu! Mayi Nachisale akuwerenga mokweza: "Khumi ndi anayi atsala! Khumi ndi atatu! Khumi ndi awiri!" Kalata yothokoza a mpingo amene anamuthandiza pamaliro inatuluka. Kalata yodalitsa mwana wake pa tsiku lake lobadwa inatuluka. Kalata yopepesa mnzake wodwala inatuluka. Mawu abwino onse amene ankaganiza kuti anafika kalekale anali atatsekeredwa m'nyumba mwake momwemo, kumbuyo kwa mkwiyo umodzi. "Atatu! Awiri! Imodzi! Bokosi layera!"

Kunali kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti 12 koloko ikwane.

Onse atatu anayang'anitsitsa sikirini, osapuma. Mphindi imodzi. Mphindi ziwiri. Kenako kalata inalowa, yochokera ku bungwe: "Talandira, bambo, ndipo talandira katatu! Takulandirani."

Mayi a Lonjezo anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Anansi anathamanga kudzaona. Bambo uja anagwira dzanja la mayi Nachisale ndi manja awiri, akuseka, akulira, zonse pamodzi.

Koma asanadzuke pampando, anati: "Dikirani. Yatsala imodzi."

Analemba mizere itatu yokha. "Mng'ono wanga, mawu ako a pamaliro anandipweteka. Ndakukhululukira, nawenso undikhululukire pokhala chete nthawi yonseyi. Bwera kumudzi tidzaonane." Sanaphatikizepo chithunzi. Sanaphatikizepo umboni. Anadina. Inapita ngati mphezi.

Mayi Nachisale asanalize n'komwe njinga yawo, foni inalira. Anali mng'ono wake wa bambo uja.

"Achimwene, miyezi iwiri ndakhala ndikugwira foni n'kuibweza m'thumba. Chinandilankhulitsa tsiku lija ndi manyazi anga, poti ine sindinalipo pamene mayi ankadwala. Loweruka ndikubwera."

Ndipo Loweruka anabweradi.

Tsopano, okondedwa, tamverani tanthauzo lake, pakuti fanizoli ndi la ine ndi inu.

Alipo ena muno amene akudabwa. Mukuti: "Ndimapemphera, ndimasala kudya, ndimafuula, koma pemphero langa likungogunda denga n'kubwerera." Mwasintha malo opempherera. Mwakwera phiri. Mwasintha mpingo. Mwaloza chala abusa, mwaloza chala oimba, ena mwayamba kuloza chala Mulungu amene. Ndipo zolowa zikulowabe! Dzuwa likukutulukirani, mvula ikugwa m'munda mwanu, mpweya mukupuma. Ndiye mukuganiza kuti zonse zili bwino kumbali yanu.

Mulungu sanatseke khutu. Njira yopita kumwamba ndi yotseguka. Vuto lili m'bokosi limene simunatsegulepo. Muli kalata yolemera m'menemo. Pali dzina la munthu pa kalatayo. Mwina ndi mlamu wanu. Mwina ndi mkazi wanu. Mwina ndi amene mwakhala naye benchi limodzi m'mawa uno. Mwasonkhanitsa umboni wonse, tsiku, ora, mawu amene ananena, ndi anthu amene analipo. Ndipo mukuti, "Koma abusa, n'zoona! Anandilakwiradi!" Inde, n'zoona. Za bambo ujanso zinali zoona. Koma khomo silinafunse ngati n'zoona. Katundu anali wolemera, basi.

Mtima uli ndi khomo limodzi lokha. Pamene pakutulukira pemphero ndi pomwepo paima chakukhosi. Chikaima pamenepo, chimatsekereza kuthokoza kwanu, chimatsekereza madalitso amene mukufunira ana anu, chimatsekereza kulira kwanu kopempha thandizo. Ndipo wolakwirayo mwina sakudziwa n'komwe. Katunduyo sanachoke m'nyumba mwanu. Akulemera inu nokha.

Musanene kuti ndiika pambali. Za pambali zimatoledwanso. Mbusa sangakudinireni. Mkazi wanu sangakudinireni. Mzimu wa Mulungu adzakuonetsani pamene pali kalatayo, adzakupatsani mphamvu, koma chala ndi chanu.

Ndiye tisanaweramitse mitu, ndikufunsani funso limodzi, ndipo musandiyankhe ine. Ndi dzina la ndani limene laima kutsogolo kwa mzere wa mapemphero anu? Mwaliona kale, ndikudziwa. Mukhululukireni munthu ameneyo lero, pano, dzuwa lisanapendeke. Mukatero, tsegulani pakamwa, mupemphere.