Waya wa Pamunda wa Nachisale

Panali mayi wina wamasiye, Nachisale, amene ankalima m'malire mwa nkhalango ya nyama. Anthu a kumeneko ankatchinga njovu ndi njuchi. Ankapachika ming'oma pa waya mmodzi wozungulira minda yonse. Njovu ikakhudza wayayo ming'oma inkagwedezeka, njuchi n'kutuluka, njovu n'kubwerera. Nachisale anali ndi ana anayi, ndipo chakudya chawo chonse cha chaka chinali m'munda umodziwo.

Mayiyu anali ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu mwamuna wake, munthu wankhuli yosaneneka. Mkuluyu anaona kuti waya wa mpandawo ndi wabwino kutchera msampha. Koma sanali wopusa ayi. Pamunda pake sanakhudzepo. Anapita kukadula pamunda wa Nachisale, pamene udzu unali wautali.

Anagwira gwape. Mwendo umodzi anatumiza kwa Nachisale, ndipo mayiyo anapita kukathokoza chogwada. Ana ake anadya nasangalala, iye n'kumati m'banja la mwamuna wake mukadali anthu achifundo.

Chimanga chitayamba kukhwima, njovu zinabwera. Zinayenda m'mbali mwa mpanda kufikira zitapeza pamene ming'oma sinkagwedezeka. Nachisale atafika kumunda m'mawa anapeza mapesi okhaokha, opondedwa m'matope. Analira. Atatopa n'kulira anatsata mapazi a njovuzo mpaka pamene zinalowera. Mitengo ya mpanda inali chilili, ming'oma ili m'malo mwake, koma pakati pake panalibe waya, ngakhale kachidutswa pansi. Apo m'pamene anakumbukira kuti m'mudzi monse munthu mmodzi yekha ndiye anagwira gwape mwezi umenewo. Mtima unamuwawa kuposa mmene unawawira poona mapesi aja.

Kumudzi, wofuula kwambiri anali mlamu uja. Ankati nyama zafika posaopa anthu, ziphedwe basi. Alonda a nkhalango anabwera nawombera njovu yaikazi imene inkatsogolera zinzake. Pogawana nyama mlamu uja ndiye anali patsogolo ndi mpeni, manyazi alibe. Anacheka nthuli yaikulu nakaipereka kwa Nachisale anthu akuona, kuti amutame.

Nachisale sanatambasule manja.

"Alamu," anatero, "njovu imathyola mpanda, koma sinyamula waya kupita naye kwawo. Nyama yanu yoyamba ija ndinadya osadziwa kuti ndikudya munda wa ana anga. Iyi idyani nokha."

Anatembenuka napita. Mkulu uja anatsala ataima, magazi akuchucha m'zigongono, ndipo panalibe amene anamulandira nthuliyo.

Inu amene mwakhala pano, nkhaniyi imandikwiyitsa, ndipo sindibisa. Njovu inachita za unjovu: inapeza khomo lotsegula, inalowa. Inafa chifukwa cha khomo limene sinatsegule, ndipo ana anayi anagona ndi njala chaka chonse chifukwa cha gwape mmodzi. Tsono tsiku limene mudzamva anthu akufuula kuti nyama zatha minda, musathamangire kukaitana mfuti. Yambani mwayendera mpanda. Ndipo ngati pali wina pano amene amadula waya pamunda wa mnzake, n'kumamutumizira mwendo wa gwape, adziwe kuti chimenecho si chifundo. Akabwezere wayayo chimanga chisanakhwime.