Liwu Lomwe Linafika ku Nairobi

Bwana Mtukuso, mkulu wa kabungwe kena ku Lilongwe, atabwerako ku msonkhano ku Nairobi m'kamwa mwawo munadzaza Chingerezi chatsopano. Analamula kuti Lolemba wantchito aliyense abwere ndi liwu lamakono la Chingerezi. Wolephera, ntchito yatha.

Mayi Nasibeko, okolopa mu ofesimo, sukulu analekezera Sitandade 4. Lolemba litakwana anaimirira, mopu ili m'manja.

"Langa ndi fulabineshoni, bwana. Koma mwina ku Nairobi silinafike."

"Silinafike bwanji?" anatero bwana akukonza tayi. "Tinkalinena tsiku ndi tsiku. Ndine ndinkaphunzitsa anzanga katchulidwe kake."

Kuyambira pamenepo bwana sankatsegula pakamwa popanda fulabineshoni.

Lachisanu kunabwera mzungu wa ku Mangalande, wochokera kwa othandiza bungwelo. Bwana anamuuza monyadira, antchito onse akumva, kuti chaka chino alimbikira fulabineshoni m'midzi. Mzungu uja anatulutsa cholembera n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani.

Bwana anatsokomola. Anamwa madzi. Anayang'ana kudenga. Kenako anaona Mayi Nasibeko akudutsa ndi ndowa.

"Mayi, tabwerani mumufotokozere mlendoyu."

"Ine, bwana? Liwulo ndinangolipeka Lamulungu ndikuchapa. Tanthauzo lake ndimadikira kumva kwa inu, amene munkaphunzitsa anthu ku Nairobi."

Ananyamula ndowa yawo n'kupitiriza kukolopa.

Lolemba lotsatira bwana analowa mu ofesi mwakachetechete, n'kupereka moni m'Chichewa.