Ameni wa a Chimbalanga

Pa katchalitchi ka malata ka ku Mtanthira, Zakeyu woimba ng'oma anasinza ulaliki uli mkati. Mkulu wa mpingo, a Chimbalanga, anamuimiritsa anthu onse akuona.

"Iwe Zakeyu, Lamulungu likubwerali ulalikire ndiwe, umve kuwawa kwake kolalikira anthu ogona. Ukakana, ng'omayo uisiye."

Zakeyu ng'oma ankaikonda, koma kulalikira sankatha ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ndamva, bambo."

Tsiku linakwana, dzuwa likuswa mtengo. Zakeyu anadzera kwa a mkulu ndi chipanda cha thobwa, ati kudzapepesa. Iwo anapapira lonse.

Ku tchalitchi, Zakeyu ataima kutsogolo anati, "Abale, tiyambe ndi pemphero la chamumtima. Titsinzine tonse. Monga mwa mwambo wathu, otitsekera ndi Ameni ndi a mkulu."

Mpingo unatsinzina, m'tchalitchi monse zii. Anthu anadikira, malata akuthetheka, thukuta lili kamukamu, koma Ameni osabwera. Kenaka pa mpando wa khushoni wa a mkulu panayamba kumveka mkonono, ngati chigayo chikulira kutsidya. Amayi a kwaya anayamba kutsinana, koma ndani akanatsekera pemphero a mkulu ali pompo?

Nthawi ya ulaliki itatha, Zakeyu ananyang'ama n'kukamenya ng'oma kamodzi kokha: gu!

"Ameni!" anakuwa a Chimbalanga akudzambatuka, dovu lili pandevu.

Zakeyu anagwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Bambo, munanena zoona. Kulalikira anthu ogona n'kowawadi."