Matenda Akula

Nungu ndi Namzeze sanali pachibale, koma tsiku lina moyo wa mwana unatsamira pa mawu awiri amene anadutsa pakati pawo. Nungu anali mkulu wosunga mwambo, wodziwa mizu ya m'tchire, ndipo sankakonda kufunsa chinthu kawiri. Namzeze anali mlendo wobwera ndi mvula kuchokera kutali. Chilankhulo cha kuno anachiphunzira bwino, koma mawu aliwonse ankawatenga monga momwe amamvekera.

Nungu anali ndi mwana mmodzi yekha, Nangondo, amene anatengedwa chitengwa kuseri kwa phiri, ulendo wa tsiku lathunthu. Mvula itayamba, Nangondo anadwala chibayo. Mwamuna wake anayesa masamba onse amene ankawadziwa koma osathandiza. Mankhwala ake enieni anali muzu wina wowawa womera pachulu cha kwa Nungu, ndipo woudziwa anali Nungu yekha.

Choncho mwamunayo anapempha Namzeze, popeza ndi wamapiko, kuti akauze apongozi ake. Namzeze atafunsa kuti akanene chiyani, anamuyankha kuti waona yekha mmene wodwala alili, akanene zomwezo.

Namzeze anapeza Nungu akusesa pakhomo. Anatera panthambi yam'munsi, napereka moni mwaulemu.

"Bambo, ndachokera kuseri kwa phiri. Kwa mwana wanu matenda akula."

Tsache linagwa m'manja mwa Nungu. Makolo athu sankatchula imfa pamaso pa kholo. Mthenga wa maliro sanena kuti mwana wamwalira. Amati matenda akula, ndipo wamkulu aliyense amadziwa kuti zatha. Nungu mwini anali atanyamulapo mawu amenewa kangapo kupita nawo kumakomo a anzake.

Funso linafika pakamwa pake, lakuti kodi akupumabe, koma analimeza. Kufunsa mthenga chotero n'kumukakamiza kutchula chosatchulika, ndipo Nungu sanafune kuoneka wosalangizidwa pamaso pa mlendo.

"Ndamva," anatero ndi mawu apansi.

Namzeze anauluka mtima uli m'malo, nakauza wodwala uja kuti alimbe, bambo ake amva ndipo akubwera.

Nungu anachita zonse mwadongosolo lake. Anayamba wapita kwa malume a mwanayo, pakuti maliro salengezedwa mwinimbumba asanamve. Atachoka kumeneko anakapempha Njiri ndi anzake kuti akakumbe manda. Pachulu chija anadutsapo kawiri osacheukirapo n'komwe, pakuti muzu ungamuthandize chiyani wakufa? Tsiku lonse linathera m'makomo, ndipo m'mawa mwake ananyamuka onse pagulu, atasenza makasu ndi mphasa yatsopano.

Anafika dzuwa litapendeka. Atayandikira mudzi anayamba kulira mokweza monga mwa mwambo, Nungu ali patsogolo. Mwamuna wa Nangondo anatuluka kuphanga akuthamanga, akutambasula manja kuti aleke.

"Apongozi, mukulira yani? Mwana wanu ali moyo. Chiyambire dzulo akungoyang'ana kukhomo."

Nungu analowa m'phangamo. Nangondo anali atagona chammbali, akupuma mobanika, minga yake itagwa ngati udzu wopondedwa. Kulira konse kuja anali atakumva, ndipo mawu a bambo ake anawazindikira. Anayang'ana m'manja mwawo, naona mphasa.

"Bambo, muzu uja uli kuti?"

Nungu anaika mphasa pansi, natuluka, nalunjika njira yomwe anadzera. Namzeze anadzipereka kuti aulukire kuchulu, koma muzuwo sankaudziwa, ndiponso mlomo wake si wokumbira. Motero nkhalamba inakwera phiri lija yokha, ikugwa ndi kudzuka m'matope, osapuma ngakhale pamtsinje.

Anabwerako mawa lake madzulo, muzu uli kukamwa, mapazi atang'ambika. Namzeze anamuchingamira panjira, natera pamwala patsogolo pake. Anatsegula pakamwa n'kutsekanso, pakuti tsopano mawu onse amene ankawadziwa anayamba kumuopsa.

Nungu anaika muzu pansi. "Nenani mosazungulira. Lero ndikufunsa."

"Wamwalira, bambo, dzuwa lili paliwombo."

Kenaka Namzeze, misozi ili m'maso, anafotokoza kuti iye ananena zimene anaona: matenda anali atakuladi, ndipo palibe anamuuzapo kuti kuno mawuwo amasenza katundu wina. Akanadziwa akanawonjezera kuti afulumire ndi mankhwala.

"Inu munanena zoona," anatero Nungu. "Ine ndinamva zimene simunanene. Ndinaopa kuchita manyazi ndi funso limodzi."

Njiri ndi anzake anali atayamba kale kukumba. Nungu anatsika pang'onopang'ono kulowa m'mudzi, koma ulendo uno sanathe kulira mokweza. Misozi ya mwambo anali ataithera mwana wake akadali moyo, mwanayo akumva.

Phunziro: Mawu amodzi amatha kusenza akatundu awiri, wina wa wonena, wina wa wakumva. Mwambo wophimba mawu ndi wabwino pamalo pake, koma pamene moyo uli pangozi, wotumidwa anene zonse poyera, ndipo wolandira uthenga afunse kufikira atamvetsa. Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo. Chisoni cha kusafunsa umakalamba nacho.