Makona a ku Shantumbu

Galaja ya a Sidiki ku Chilenje, mumzinda wa Lusaka, inalibe chikwangwani. Inali chabe mtengo wa mango, mpanda wa malata ndi dzenje limodzi lokonzerapo magalimoto, koma aliyense wa galimoto yotsokomola, kuyambira ku Kabwata mpaka ku Woodlands, njira yake ankaidziwa. A Sidikiwo makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo iwo anali munthu wa mawu ochepa: ntchito, swala ya ku mzikiti, ntchito. Mawu onse a pabanjapo, pamodzi ndi phuma lomwe, anawatenga mwana wawo Hamad, yemwe ankaphunzira za uinjiniya ku yunivesite.

Hamad ankakonda zinthu ziwiri mpaka kuiwala kudya: mipikisano ya magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi, ndi kukwera mapiri. Kwa iye ziwirizi zinali chinthu chimodzi. M'mipikisano yotereyi m'galimoto mumakhala anthu awiri. Wina amagwira chiwongolero, mnzake amakhala ndi kope pamiyendo n'kumawerenga mokweza zimene zili kutsogolo: kona ya kumanzere yakuthwa, chitunda, dzenje. Pa liwiro lotero woyendetsa sadalira maso ake, amadalira pakamwa pa mnzakeyo. Mpando umenewo, wa wowerenga njira, ndi umene Hamad ankaulota kuyambira ali mwana wopatsira bambo ake masipanala. Popeza galimoto analibe, ankaphunzira ntchitoyo ndi miyendo.

Loweruka lililonse ankakwera minibasi mpaka kumene imathera, n'kulowa m'mapiri a ku Shantumbu ndi mnzake wa kusukulu Chibwe. Chibweyo anali wa ku Kaunda Square, makolo ake a ku Luapula, mnyamata wojintcha woyenda ngati akuopa kudzutsa nthaka. M'minibasi ankalimbirana mpando wa pazenera, chifukwa galimoto ikangoyamba kugwedezeka m'mimba mwake munkatembenuka. Koma akafika m'phiri anali munthu wa malamulo. Lamulo loyamba linali lakuti njira ilembedwe munthu atayang'ana kumene galimoto izilowera. Lachiwiri linali lakuti mzere uliwonse umene Hamad walemba auwerenge mokweza, ndipo asasunthe mwendo mpaka mnzake atavomera. Chibwe ankaima, kuiyang'ana konayo ngati akufuna kuigula, kenako n'kuyankha mwa Chibemba cha kwawo, monyogodola pang'ono: "Eya mukwai," ndiye kuti inde bwana. Hamad zinkamuwawa kudikira, koma kwa zaka zitatu anayenda choncho, ndipo kunena zoona mnzake wina analibe.

Mwayi unabwera tsiku lina masana m'mwezi wa Ogasiti. Ba Ng'andu a ku Woodlands, bambo wa imvi amene galimoto yawo yampikisano inkakonzedwa pa galajapo, anamuitana Hamad. Wowerenga njira wawo anali atasamukira ku Kitwe. Pakutha pa masabata awiri kunali mpikisano waung'ono pa famu ina kuseri kwa mapiri omwe aja, ndipo pa tsiku loti oyendetsa akaone msewu, iwo akakhala ali ku Kasama kokaona mayi awo odwala. Mwini famu sankalola galimoto masiku ena, koma oyenda pansi sankawaletsa.

"Iwe Hamad, atate bako bakamba ati umaziba kulemba manotsi," anatero Ba Ng'andu. "Yenda ukanilembele njila. Ikankala bwino, mupando ni wako. Koma muyende babili na uja munzako Chibwe, wamvela? Uja ali na mau yabwino, sakamba motamanga."

Hamad anathokoza mpaka kugwada. Koma mawu omalizawo anamulowa ngati minga ya m'chidendene. Mawu abwino! Nanga bwanji akadzamva Chibwe akuwerenga n'kusintha maganizo? Nsanje ilibe manyazi, imamera ngakhale pamene palibe chomerera. Lachisanu Chibwe ataimba foni kufunsa za ulendo wa mawa lake, Hamad anali atakonzeka kale.

"Shani boi, mailo tikwela?"

"Awe, mailo nili na vochita."

M'mawa mwake akumanga nsapato, bambo ake anasuzumira kuchokera m'dzenje muja.

"Chibwe ali kuti?"

"Baba, ine si mwana. Phiri limenelija ndalikwera kangati? Mukuyesa ndingaope kupita ndekha?"

"Ine sindinanene za mantha," anayankha a Sidiki, n'kubwerera kunsi kwa galimoto.

Minibasi inamusiya kumapeto kwa msewu wa mpikisanowo, osati koyambira. Koyambira kunali kuseri kwa phiri, mtunda wa makilomita khumi ndi awiri. Akanakhalapo Chibwe akanaumirira kuti adutse kaye mpaka kumeneko, atembenuke, ayambe kulemba pobwerera, ndipo dzuwa likanawalowera ali m'njira. Hamad anaseka yekha. Iye wa masamu a ku yunivesite avutikirenji kuyenda kawiri? Alemba chobwerera m'mbuyo, akafika kunyumba akangotembenuza: kumanja kukhale kumanzere, chitunda chikhale chitsikira, kona yomaliza ikhale yoyamba.

Anayenda ngati akuthamangitsidwa. Mphepo ya mwezi umenewo inkaulutsa fumbi ndi phulusa la tchire lopsa, ndipo m'njira monse anangokumana ndi ng'ombe zitatu ndi njinga imodzi ya makala. Kangapo konse anazindikira kuti wawerenga mzere mokweza n'kuima kudikira, kenako n'kudzikwiyira yekha. Dzuwa lisanafike pamutu anali atatulukira kuseri, makona makumi asanu ndi atatu mphambu asanu ndi awiri ali m'kope. Anakhala pamwala kuti apume, ndipo potsekula chikwama anapezamo mabotolo awiri a mahewu. Dzanja linali litagula mwachizolowezi mutu usakudziwa. Anamwa limodzi, linalo anabwerera nalo.

Lolemba masana anakhala m'laibulale ya pasukulu ndi makope awiri, lafumbi lija ndi latsopano, n'kuyamba kutembenuza mzere ndi mzere. Ntchito inkayenda bwino zedi. Atafika pa kona ya makumi asanu ndi awiri, anamva dzanja paphewa. Anatseka kope lafumbi mofulumira ngati wagwidwa akuba ndiwo, koma Chibwe anali ataona kale. Fumbi lofiira la ku Shantumbu ankalidziwa.

"Unayenda?" anafunsa monong'ona.

"Ninayenda."

"Weka?"

"Neka."

Nkhani ya Ba Ng'andu Chibwe anali ataimva kale kwa anyamata a m'kalasi, popeza Hamad sakanatha kuisunga m'kamwa. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

"Leta nikuwelengeleko chabe, iwe uzivomela."

"Awe, ili bwino. Nasiliza kudala," ananama Hamad, ngati kuti anali atamaliza kalekale.

Chibwe anabweza dzanja lake, nalilowetsa m'thumba, n'kutuluka ndi kayendedwe kake kaja. Hamad anatsekulanso kope mtima ukugunda, anapeza pamene analekezera, nakopera mzerewo monga momwe unalili. Unati kumanja, iye analemba kumanja. Otsatira onse anawatembenuza bwinobwino.

Tsiku la mpikisano linafika. Hamad anavala chipewa cholimba chobwereka, anamangidwa malamba mpaka kupuma movutikira, ndipo mbendera itatsika dziko lonse linasanduka phokoso ndi fumbi. Anawerenga. Mawu ake sananjenjemere, ndipo kona iliyonse inkabwera monga momwe waitchulira, ngati msewu ukumumvera. Atadutsa ya makumi atatu Ba Ng'andu anakuwa ndi chisangalalo, "Iwe mwaiche, ndiwe navigeta!" Hamad anamva misozi ikutentha m'maso. Mpando unali wake.

"Chitunda, osachepetsa, kenako kumanja!"

Ba Ng'andu sanachepetse. Galimoto inauluka pa chitundapo mphuno italoza kale kumanja, ndipo msewu unali utakhotera kumanzere. Kutsogolo kwawo kunali chulu chachikulu ngati nyumba.

Zonse zitakhala bata, galimoto inali chagada, matayala akuzungulirabe. Anthu anathamanga n'kuwasolola. Ba Ng'andu anali atathyoka phewa, nkhope itatuwa ndi ululu. Hamad analibe ngakhale kabala, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka koposa. Akudikira ambulansi, bamboyo anapempha kope lija. Analitsekula ndi dzanja limodzi, anayang'ana mzerewo, nayang'ana msewu.

"Munayenda babili?"

Hamad anayang'ana nsapato zake.

"Sinizakutukana," anatero Ba Ng'andu motsitsa mawu. "Mutu uli nao, makona yonse yenangu yanali bwino. Kulakwa aliyense amalakwa. Koma ine moyo wanga siningapase muntu wamene safuna kuti munzake amuoneleko."

Galimotoyo anaikokera ku Chilenje, naikhazika pansi pa mtengo wa mango, moyang'anana ndi zenera la chipinda cha Hamad. Kwa miyezi iwiri ankadzutsidwa ndi nyundo ya bambo ake ikuwongola zitsulo zimene kope lake linapinda. A Sidiki sanamunene ngakhale kamodzi, ndipo kukhala chete kwawoko kunkalemera kuposa mbama. Phewa litapola, Ba Ng'andu anabwera kudzatenga galimoto yawo ali ndi mtsikana wina wa ku Kabulonga, dzina lake Abby, atanyamula kope lake kukhwapa. Anamupatsa moni Hamad mwaulemu wonse, ngati mmene munthu amaperekera moni kwa mwana wa mnansi.

Kusukulu nako kunali kozizira. Anyamata amene anawabwekerera za mpando anamupatsa dzina loti Kumanja, ndipo iye anayamba kudya yekha, kukhala kumbuyo m'kalasi ndi kutuluka msanga. Chibwe sankamuthawa, koma sankamufunanso. Foni ya Lachisanu ija inasiya kulira. Hamad analemba uthenga wopepesa kambirimbiri n'kumaufufuta, mpaka tsiku lina anakumana maso ndi maso pa siteji ya ku Longacres, Chibwe ali ndi chikwama chachikulu. Anali atapeza malo ophunzirira ntchito ku migodi ya ku Kopala, ndipo ankanyamuka m'mawa mwake.

Apo ndiye Hamad anamasuka pakamwa. Ananena zonse, za mawu abwino aja, za mantha oti alandidwa mpando, za kope limene anatseka m'laibulale. Chibwe anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Boi, ine nimasanza mu minibasi ya ku Chilenje. Zaka zitatu wankala unigulila mapepala ya pulasitiki. Manje iwe unaganiza ati nifuna kunkala mu motoka ya mupikisano?" Anapukusa mutu. "Mupando unali wako kudala. Ine ninali kufuna chabe kuyenda na iwe."

Minibasi yake inafika. Analimbirana mpando wa pazenera monga mwa masiku onse, anakweza dzanja, ndipo anapita.

Loweruka lotsatira Hamad anakwera yekha ku Shantumbu. Mvula yoyamba inali itagwa, mapiri atayamba kubiriwira. Nthawi ino anadutsa phiri lonse mpaka koyambira, anatembenuka, nayamba kubwerera atayang'ana kumene galimoto inkalowera, pang'onopang'ono, monga momwe akanayendera Chibwe. Dzuwa litapendeka anafika pa chitunda chija. Chulu chinali chikadali ndi bala lake, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kulimata. Anaima pamwamba pa chitundacho n'kuyang'ana. Konayo inali poyera, yosabisika, yoti ngakhale mwana woweta mbuzi akanaitchula bwino. Munthu mmodzi yekha woima pambali pake, wongomva mzerewo n'kukweza maso, akanakwana.

Anatulutsa kope, anafufuta mawu aja, nalemba oyenera. Kenako anawerenga mokweza, "Chitunda, kenako kumanzere," ndipo anadikira.

Mphepo inadutsa m'maudzu. Kutali kumunsi, malata a mzinda wa Lusaka ankanyezimira, mzinda wodzaza ndi anthu, koma panalibe woti anene kuti eya mukwai. Hamad anakhala pansi pomwepo, kope lili pamiyendo, ndipo analira monga sanalirire tsiku la ngozi lija. Mawu a bambo ake a m'dzenje muja anawamvetsa tsopano. Phiri sanaliope, ndipo phirilo silinamuchite kanthu. Chimene chinamugwetsa ndi mzere umodzi umene panalibe woumva. Akuluakulu sanali amantha pamene ankati kuyenda awiri si mantha.