Dzanja Lamanja la Asiyatu

Anthu atabalalika pambuyo pa swala ya masana, a Twaibu, telala wa pa Ntaja, anatsalira mumzikiti. Anali munthu wodziwa malamulo a chipembedzo, ndipo ankakonda kuti anthu adziwe kuti amawadziwa. Koma tsikulo anangokhala pamkeka ngati nkhuku yonyowa, kudikira kuti Shehe Bwanali amalize pemphero la duwa.

Atapatsana salamu, a Twaibu anati, "A Shehe, ndabwera ndi funso. Mwana wanga Asiyatu amadya ndi dzanja lamanzere. Kodi limeneli si tchimo?"

"Lamanja linatani?" anafunsa a Shehe.

A Twaibu anafotokoza. Ali wamng'ono, Asiyatu anagwera pa mbaula, dzanja n'kupsa. Kuchipatala bala linapola, ndipo madokotala anam'manga kathabwa kuti zala zisapindike, n'kulangiza makolo kuti aziziwongola tsiku ndi tsiku. Koma mwana ankalira mosweka mtima, ndipo a Twaibu, polephera kupirira, anamasula kathabwako n'kukataya kudzala. Chifundo chinapha nkhwali. Chipsera chinakoka khungu, zala n'kufumbata mpaka lero.

"Nanga masiku ano amadyera kuti?"

"Kukhitchini, yekha. Ndinam'dzudzula pamaso pa alendo. Chiyambire tsiku limenelo sakhalanso nafe, ndipo chakudya amangochinyambita. Waonda mwana wanga, a Shehe."

Anafuna kuwonjezera kuti ankangosunga chiphunzitso cha Chisilamu. Koma mumtima ankadziwa kuti lamanzerelo silinawalakwire kanthu. Chimene ankathawa chinali kuona dzanja linalo lili pamwendo, lopiringizika, likuwakumbutsa ntchito ya manja awo. Manyazi ndi chisoni zinawagwira, misozi n'kulengeza.

A Shehe analankhula motsitsa mawu.

"Allah safuna kwa munthu chimene munthuyo sangathe. Mwanayo alibe tchimo ngakhale pang'ono. Koma ndifunse nawo, bambo Twaibu, dzanja lanu lamanja lili bwino?"

"Lili bwino, Alhamdulillah."

"Ndiye pitani mukakhale naye pansi, mbale ikhale imodzi. Akadya ndi lamanzere, m'siyeni adye. Mtima wanu ukakanabe, mum'dyetse ndinu. Dzanja lamanja limene likusowa pambale ya mwana uja si lake ayi, ndi lanu."