Chipinda cha Pamwamba cha Gologolo

Kalekale, nyama zikadali ndi tauni yawoyawo, mphepo yamkuntho inagwetsa mtengo umene Gologolo ankagonamo. Iye, mkazi wake ndi ana atatu anatsala pamtetete. Ntchito yomanga ankaiopa ngati moto, koma kulankhula kokha, eee, mkuluyu anali katswiri.

M'tauniyo munali nkhokwe ya onse. Banja lililonse linkathiramo dengu la mtedza pokolola, kuti miyezi ya njala ikafika aliyense apeze potapa. Woisunga anali Nungu, ndipo mwambo wake unali wakuti obwereka adinde mapazi pa dothi laliwisi lomatidwa patsinde pa nkhokweyo. Dothi likauma, ngongole yakhazikika.

Gologolo anayamba ndi Njati.

"Achimwene, nyama yolemekezeka ngati inu muzichitira misonkhano padzuwa? Tiyeni tibwereke mtedza, timange holo. Pamwamba pake tiikepo zipinda za lendi, ngongole idzadzibweza yokha."

"Nanga ine ndipezapo chiyani?" anafunsa Njati.

"Mpando wa kutsogolo ndi wanu."

Kwa Nguluwe anati, "Amalume, makoko onse a mtedzawo ndi anu." Nguluwe anavomera mate ali chuchuchu. Kwa Fisi anachita kunong'ona: "Bwana, wotolera lendi mudzakhala inu. Mwezi ndi mwezi."

"Mwezi ndi mwezi?" anatero Fisi. "Usadzaiwale mawu amenewo."

Atatuwo anadinda. Nungu analoza Gologolo nati, "Nawenso dinda. Nzeruyi ndi yako." Gologolo anadinda ndithu, koma potembenuka anapititsa mchira wake wa bweya uja padothipo, phazi lake n'kufufutika. Anachoka akuimba mluzu.

Anyani ndiwo anamanga, ndipo ankalipidwa ndi mtedza womwewo. Gologolo ankazungulira ngati kapitawo. Anawauza kuti zipinda zikhale zopanda mawindo, denga likhomedwe zolimba, ndipo khomo likhale limodzi lokha, kabowo kotulukira m'holo, koti ngakhale mphuno ya Nguluwe isalowe. Holo itatha, anasamutsira banja lake m'chipinda chapamwamba, chabwino koposa zonse.

Lendi sinaoneke ngakhale njere imodzi. Nyama zokhala ndi kanthu sizinkakwana pakabowoko, ndipo mbewa zimene zinkakwana zinalibe cholipira. Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Azimayi anapita kwa Nungu ndi malichero, n'kubwerera ali opanda kanthu, poti mtedza wonse unathera pa holo ija. Mwana wa Mbawala anafa, kenako ana awiri a Insa. Zinali zomvetsa chisoni kwambiri, ndipo msonkhano woyamba m'holo yatsopanoyo unali wa maliro.

Maliro atatha, Nungu anabweretsa dothi louma lija kuti obwereka mtedza adziwike.

"Mapazi ndi atatu," anakuwa Gologolo ali pakabowo kake. "Werengani nokha! Ine langa lili pati?"

Nungu anatenga munga wake umodzi, nakanda pamalo posalala paja, natulutsa ubweya wofiirira umene unaumira m'dothi. Anaukweza kuti onse aone. Mbawala anangoyang'ana pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Njati anagunda khoma ndi mutu, khoma silinagwedezeke. Nguluwe anayesa kulowetsa mphuno pakabowo, koma inakana kulowa. Gologolo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Ndinamangitsa ndine, akuluakulu! Simundipeza muno!"

Nyama zinabalalika chifukwa njala inali itazifoola. Fisi yekha anatsala. Anagona chonyambita milomo pansi penipeni pa kabowo kaja.

"Bwana, msonkhano watha," anatero Gologolo. "Simupita kwanu?"

"Ndili pantchito, mphwanga. Unandilemba wekha. Ndikutolera lendi."

"Koma mtedza ndilibe."

"Ine mtedza sindidya," anatero Fisi mofatsa. "Mwana mmodzi pa mwezi akwanira."

Kuseka kunathera pomwepo. Gologolo anathamangira kudenga, napeza lokhomedwa zolimba monga analamulira. Anapapasa makoma onse anayi kufunafuna windo limene iye mwini anakana. Mkazi wake anakumbatira ana aja. Mantha anamugwira Gologolo.

Ana anali atatu. Kuti nyama zikololenso, kunali kutatsala miyezi inayi.